Dzino la bawuti kapena injini yanga

Anzanga a kunyanja, lero sindilemba za petulo kapena za mabwana a maboti amene amakonzetsa injini pa ngongole. Lero ndi nkhani ya dzino. Dzino lakumbuyo, lija lobisala limene munthu saliona ngakhale useke mpaka kugwa pansi. Ndikudziwa ena mwayamba kale kuseka kuti makaniko wayamba liti udokotala, koma werengani kaye. Ambiri a inu mukayendetsa lilime kumbuyoko mupeza gweru, ndipo ndikukayika ngati alipo anakuuzani zimene zimachitika pa gwerupo miyezi ikamapita.

Kwathu kuno, kuyambira ku Golomoti, Mua, Mtakataka mpaka kukafika ku Chipoka, dzino likavuta mankhwala ake timadziwa amodzi basi: kukazula. Munthu amapirira masabata awiri ndi Panado, tsaya litatupa ngati wabisa ndimu m'kamwa, kenako amakafika kuchipatala n'kunena yekha kuti adokotala ingochotsani. Akachotsa ululu watha, munthu wabwerera kunyanja.

Langa linachoka mu February. Linali la pansi, mbali ya kumanzere, lachisanu ndi chimodzi ukawerenga kuchokera pakati pa mano akutsogolo. Ndinaluma kamwala mu mpunga, ndinamva kuti thwa mpaka m'khutu, ndipo patatha masiku atatu tulo sindinkationanso. Kuchipatala anayang'ana n'kundiuza kuti lang'aluka mpaka ku muzu, lotere silimatika. Anazula bwinobwino, anandilumitsa thonje, anandiuza kuti ndisamalavule pafupipafupi tsiku limenelo, ndipo mawa lake ndiyambe kuchukucha madzi ofunda a mchere. Bala linapola m'masabata awiri. Pamenepo palibe chodandaula.

Zachilendo zinayamba pambuyo pake. Ndinangopezeka ndikutafunira kumanja kokha. Usipa wouma kumanja, mtedza kumanja, chimanga chootcha kumanja. Madzulo nsagwada ya kumanja inkatopa ngati dzanja limene lakoka chingwe cha injini yokana kulira tsiku lonse. Amene munatsegulapo giyabokosi ya Yamaha Enduro mukudziwa zimene zimachitika giya ikathyoka dzino limodzi. Injini imayendabe. Mwini boti amati palibe vuto, tiyeni tikaponye chilimira. Koma katundu amene dzino lija linkasenza amagwera mano oyandikana nalo, ndipo ukadzatsegula pakatha miyezi ingapo umapeza mafuta a giya adzaza tizitsulo tonyezimira. Maganizo amenewo ndi amene ankandisowetsa mtendere ndikamadya.

Ndili ndi msuweni wanga ku Cape Town, amakolopa ndi kutsuka pa chipatala china cha mano cha anthu a ndalama. Nditamufotokozera pa foni anaseka n'kunena kuti, "Asuweni, kunotu anthu sasiya gweru. Amaikapo bawuti." Ndinaganiza kuti akundinena chifukwa cha ntchito yanga. Usiku womwewo ananditumizira chithunzi cha X-ray chimene chili pa khoma kuntchito kwawoko. M'fupa la nsagwada muli bawuti yeniyeni, ma thread ake akuoneka bwinobwino, pamwamba pake pakhala dzino. Dzina lake akuti implant. Ine ndimangolitcha dzino la bawuti.

Mu May ndinapita ku Lilongwe kukagula ma ringi ndi impeller. Nditamaliza ndinalowa pa chipatala china cha mano cholipira, ndi zala zanga zakuda ndi girisi, ndinalipira ya kuonana ndi dokotala komanso ya X-ray. Adokotala ake anali mayi wachichepere, ndipo atamva kuti ndine makaniko anati ndiye simuvuta kumva. Anatulutsa chidole cha nsagwada n'kuyamba kumasula.

Chinthuchi chili ndi zigawo zitatu. Pansi pali bawuti ya chitsulo chotchedwa titanium, kunenepa kwake mamilimita 4 kapena 5, kutalika cha m'ma 10. Imeneyo imalowa m'fupa pamene panali muzu. Pakati pali kachitsulo kolumikizira kamene kamatulukira pa nkhama. Pamwamba ndiye pamakhala dzino looneka, limene amaumba ku labu molingana ndi mano ako ena. Poika amabaya jakisoni wa dzanzi, amang'amba nkhama pang'ono, amaboola fupa ndi drill yaing'ono, kenako yokulirapo, kenako ina yokulirapo mpaka bowo litakwana, n'kumanga bawuti ija. Atafika pamenepo ndinawadula mawu. Ndinati adokotala, imeneyotu ndi helicoil. Kwa amene simuli m'ntchito yathu: ma thread a pa bowo la pulagi akatha, sititaya cylinder head yonse. Timakulitsa bowolo pang'ono, timadula ma thread atsopano, timalowetsamo kawaya kopota ngati sipuling'i, pulagi n'kugwiranso ngati kale. Adokotala anati helicoil sakuidziwa, koma mmene ndafotokozeramo zikufanana.

Tinacheza ngati amakaniko awiri. Poboola fupa amathira madzi a mchere ozizira nthawi yonse, chifukwa fupa likatentha kufika madigiri 47 kwa mphindi imodzi yokha limayamba kufa, ndipo fupa lakufa siligwira bawuti. Ifenso tikaliza injini choyamba kuyang'ana n'chakuti ikukodza kapena ayi, madzi akasiya kutuluka pa kabowo kaja timazimitsa msanga pisitoni isanagwire. Alinso ndi torque wrench yawo, kakang'ono ngati chala. Pulagi ya Yamaha timamanga pa 25 Nm. Iwo kachitsulo kolumikizira kaja amamanga cha m'ma 30 kapena 35 Ncm, mphamvu yochepa pafupifupi ka 70 poyerekeza ndi ya pulagi. Ndinaseka ndekha nditakumbukira anyamata ena a pa gombe amene amamanga pulagi atalumikiza paipi ku sipana, kenako n'kubwera kwa ine kuti achimwene ma thread atha okha.

Pamene tikusiyana ndi apa: aluminiyamu sachira, pomwe fupa ndi lamoyo. Helicoil ukaika lero, lero lomwe boti limalowa m'madzi. Bawuti ya m'kamwa amaisiya kaye miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi osaisenzetsa katundu, kuti fupa limere mozungulira n'kuigwira. Chimene chimadzaigwira zaka zonse ndi fupa latsopanolo, ma thread amangoithandiza poyambirira.

Nditabwerera kunyumba ndinathera bandulo kuwerenga kuti anayambitsa ndani. Ndi dokotala wa ku Sweden, Per-Ingvar Brånemark, ndipo sanali wa mano n'komwe. M'ma 1950 ankafufuza mmene magazi amayendera mkati mwa fupa, ndiye anaika kachipangizo ka titanium m'fupa la mwendo wa kalulu kuti aziyang'aniramo. Atamaliza anafuna kukachotsa, koma kanakana. Fupa linali litakagwira ngati chowotcherera. Makaniko wina akanangotukwana n'kutenga nyundo, iye anadzifunsa kuti n'chifukwa chiyani thupi silikukana chitsulo chimenechi. Mu 1965 anaika mabawuti oterewa m'nsagwada ya munthu woyamba, Gösta Larsson wa ku Gothenburg. Bamboyo anamwalira mu 2006 mabawuti ake ali chigwirire, patatha zaka zoposa 40. Ine bawuti ya pa injini imene yakhala zaka 40 m'malo onyowa osachita dzimbiri sindinaionepo. Masiku ano akuti pa mabawuti khumi oikidwa bwino, oposa asanu ndi anayi amakhala akugwirabe ntchito pakatha zaka khumi.

Tsopano mverani imene inandichititsa mantha, chifukwa imeneyi ikukhudza aliyense wa gweru, kaya akufuna bawuti kaya ayi. Fupa limene limazungulira muzu lilipo chifukwa cha dzinolo. Ukamatafuna, muzu umalikankha, thupi limadziwa kuti fupa ili lili pa ntchito. Dzino likachoka, thupi limayamba kugwetsa fupalo pang'onopang'ono. Adokotala anati m'chaka choyamba likhoza kuchepa m'lifupi mpaka theka, ndipo kuchepa kochuluka kumachitika m'miyezi itatu yoyambirira. Anandionetsa pa X-ray yanga. Pansi pa mano akumbuyo a m'munsi pamadutsa mtsempha umene umachititsa kuti mlomo ndi chibwano zizimva kukhudza. Bawuti siyenera kufika pamenepo, ikaukhudza mlomo ukhoza kuchita dzanzi kwa miyezi, mwina mpaka kalekale. Kwa mano a m'mwamba vuto lake ndi mphako ya mpweya imene imalumikizana ndi mphuno. Ndiye fupa likachepa kwambiri malo a bawuti amasowa, ayambe kaye awonjezera fupa lina, adikire lipole, mtengo n'kukweranso.

Si fupa lokha. Dzino la kumbuyo kwa gweru limayamba kuweramira kutsogolo ngati mlongoti wa thandala umene chiswe chadya m'tsinde. La m'mwamba limene linkakumana ndi lochotsedwalo limayamba kutsika chifukwa lasowa poima. Sizichitika kwa aliyense mofanana, kwa ena zimachedwa zaka, koma kwa achinyamata zimafulumirako. Langa la m'mwamba anati likadali pamalo, la kumbuyo layamba kupendekeka pang'ono kwambiri. Pamenepo panali patangotha miyezi itatu.

Kenako anandilembera mtengo pa kapepala. Nambala sindilemba pano, chifukwa mmene kwacha ikuyendera mwezi wamawa ikhala yabodza ndipo mudzati ndinakunamizani. Bawutiyo, tizitsulo take, mpaka ma drill, zonse zimachokera kunja ndipo zimagulidwa ndi dola. Ndingokuuzani mwa chiyankhulo chathu: dzino limodzilo likufanana mtengo ndi Yamaha 15 yogwiritsidwapo kale ntchito koma yolira bwino. Ndipo ineyo Yamaha 15 yotere ndili nayo imodzi yokha.

Amene mumabwera pa shedi yanga mukuidziwa. Ndinaimanga kuchokera ku mitembo itatu. Block inachokera ku injini imene inamira nthawi ya mwera n'kukhala pansi pa madzi masiku angapo, mwini wake anaitaya mtima. Giyabokosi ndinasinthanitsa ndi ntchito ya mwezi wathunthu. Kabuleta ndi zina zinachokera ku injini yachitatu imene inangotsala chigoba. Zinanditengera zaka ziwiri, ringi lero, bearing mwezi wamawa. Pano ili pa boti la munthu wina, amandipatsa kangachepe akabwera ku usipa, ndipo kangachepeko ndi kamene kamalipira fizi ya mchemwali wanga wa Fomu 3. Ndiye pa kapepala ka adokotala paja ine sindinkaona nambala. Ndinkaona injini yanga ikukwezedwa pa njinga yamoto kupita kwa mwini watsopano.

Onjezerani maulendo. Kuika bawuti ulendo umodzi, kuchotsa ulusi wina, kukaona ngati yagwira wina, kuyeza dzino wina, kukaliika wina. Ulendo uliwonse ndi minibasi kudzera ku Salima, kapena kukwera Khwekhwerere kuchokera ku Golomoti kukatulukira pa M1, ndipo tsiku limenelo shedi yatsekedwa. Munthu wa ku Area 47 amangotuluka mu ofesi ola limodzi. Ife wa kunyanja dzino lomwelo timalilipira kawiri.

Ndinawauza abambo madzulo ena akusoka ukonde. Sanadzutse n'komwe mutu. Anati, "Iwe, ine ndazula asanu. Nsima ndikudya kapena sindikudya?" Ndinati mukudya, abambo. Anati, "Ndiye ukufuna kugulitsa injini chifukwa cha dzino limene ngakhale mkazi wako sadzaliona? Chitsulo m'kamwa, mphezi ikadzakupeza pa nyanja usadzati sindinanene." Za mpheziyo musaope, kabawuti ka mamilimita 10 sikaitana mphezi, foni imene ili m'thumba mwanu ili ndi zitsulo zambiri kuposa pamenepo. Koma kuwayankha sindinawayankhe, ndi abambo.

Chimene sindinanene kwa iwo ndikuuzani inu. Abambo anga ankadula ulusi wa nayiloni ndi mano, mpeni uli pomwepo. Ankasenda nzimbe ndi mano kuyambira ku tsinde mpaka ku nsonga. Ndili mwana, tikamachokera ku gombe ankagula chimanga chootcha ziwiri, chouma kwambiri chinali chawo. Lero chimanga chootcha amangopatsa adzukulu, amati sachikondanso. Nyama ya mbuzi pa zikondwerero amayi amawapatulira ya chiwindi. Usipa wouma amayi amauwiritsa mpaka utafewa ngati phala, ndipo abambo amati akazi a masiku ano sadziwa kukazinga. Tonse m'nyumba timadziwa chifukwa chake, palibe amanena. Masaya awo analowa mkati, pa chithunzi cha ukwati wa achimwene amaoneka ngati mkulu wa amalume, chonsecho amalume ndiwo aakulu. Nsima akudyadi. Ali ndi zaka 58, ine ndili ndi 26, ndipo loyamba iwo anazula ali ndi zaka ngati zangazi.

Kuti ndisakunamizeni, adokotala aja sanandikakamize. Anandiuza njira zina. Pali dzino la pulasitiki lovula, lokhala ndi tiwaya togwira mano a m'mbali. Ndi lotsika mtengo kwambiri, ndipo limapangidwa m'zipatala zazikulu za boma monga Kamuzu Central. Kwa dzino lakutsogolo limathandiza, munthu amasekanso pa gulu. Kwa limodzi lakumbuyo ambiri amalivala sabata imodzi n'kuliika mu kapu, chifukwa limagwedera potafuna, ndipo fupa la pansi pake limachepabe. Ine ndinaganiziranso za kugwira ntchito utazondoka pa boti mafunde akumenya, kanthu kakang'ono kali m'kamwa. Pali china amati bridge: amapala mano awiri a m'mbali mwa gweru n'kuwaveka zisoti zitatu zolumikizana, chapakati chikuimira dzino losowalo. Chimagwira bwino ndipo sichidikira miyezi. Koma mano anga awiriwo ndi abwinobwino, alibe ngakhale kadontho. Kupala giya ziwiri zamoyo kuti ukonze imodzi yothyoka, mtima wa makaniko umakana.

Njira yachinayi ndi kungosiya gweru, ndipo anati si nthawi zonse pamene kusiya kumakhala kulakwa. Apa ndi pofunika kudziwa kuti dzino lachoka ndi liti. Munthu wamkulu amakhala ndi mano 32. Lomalizira kumbuyo, limene limamera munthu atakula kale, likachoka saikapo china, ena amabadwa alibe n'komwe. Lachiwiri kuchokera kumbuyo likachoka ambiri amatafunabe bwino ngati la patsogolo pake lilipo. Dokotala wina wa ku Netherlands, Käyser, anaonetsa mu 1981 kuti munthu wokhala ndi mano akutsogolo ndi apakati onse akhoza kudya bwino ngakhale akumbuyo kwenikweni palibe, ndipo mu 1992 bungwe la WHO linaika mano 20 ogwira ntchito ngati mlingo umene munthu ayenera kukhala nawo moyo wake wonse. Koma langa, lachisanu ndi chimodzi, ndilo lalikulu, limasenza katundu wochuluka, ndipo likachoka limasiya mpata pakati pa mzere m'malo mwa kumapeto.

Inu amene muli ndi ana, dzino limeneli limvetseni. Limamera mwana ali ndi zaka 6, kumbuyo kwa mano a ubwana, popanda lina kuguluka. Makolo ambiri amaliyesa la ubwana, likabooka amati lisiyeni liguluka lokha limera lina. Silimeranso. Mwana amafika Sitandade 8 dzino la moyo wake wonse litatha kale ndi maswiti ndi mafirizesi a pa geti ya sukulu. Mukapeza mpata mutsegule pakamwa pa mwana wanu pa dzuwa muone ngati pali kadontho kakuda.

Ndinafunsa adokotala kuti bwanji kwathu amangozula. Sanalankhule zoipa za anzawo. Anati munthu akafika tsaya litatupa, mzere uli panja, zipangizo zomatira palibe kapena magetsi azima, chimene chingamuthandize tsiku lomwelo ndi kuzula. Dziko lathu linakhala zaka zambiri lopanda sukulu ya madokotala a mano. Cha m'ma 2019 madokotala a mano m'Malawi muno sankafika 50, pa anthu oposa 17 miliyoni, ndipo ambiri a iwo anali ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Ofuna ntchitoyi ankakaphunzira kunja. Maphunziro ake anayamba mu 2019 ku College of Medicine, imene pano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow ya ku Scotland. Amene amatithandiza m'zipatala za m'maboma kawirikawiri ndi ma dental therapist ophunzira ku Malawi College of Health Sciences. Kumata dzino amadziwa, akakhala ndi zipangizo komanso dzino likafika lisanaole mpaka mkati. Ndiye funso lakuti "kodi silingamatike?" ndi lololedwa kufunsa musanatsegule pakamwa. Ngakhale lofika ku mtsempha nthawi zina limapulumuka, amachotsa mtsemphawo, amatsuka mkati mwa muzu n'kutseka. Ndi ndalama ndithu, koma sizifika pa injini.

Ndiye inu anyamata amene mumadontheza asidi wa batire kapena mafuta a mabuleki pa dzino lopweteka, ndakuonani pa gombe ndi maso angawa. Asidi amene amadya ovolosi mpaka kubooka mukumuika pa nkhama. Ululu ukasiya sikuti dzino lachira, mtsempha wafa, mafinya akusonkhana pansi pa muzu. Mafinya a dzino la pansi akhoza kutsikira kukhosi mpaka munthu kulephera kupuma. Tsaya likatupa mpaka pansi pa chibwano, pakamwa pakukana kutseguka, thupi likutentha, kwerani njinga nthawi yomweyo, ngakhale usiku.

Dzino la bawuti nalonso si lamatsenga. Kubooka silibooka, koma nkhama ndi fupa zozungulira zimadwala ngati munthu satsuka, fupa limathawa, bawuti imayamba kugwedera. Osuta fodya zimawakanika kawirikawiri kuposa osasuta, chimodzimodzi a matenda a shuga amene sakumwa mankhwala bwino. Dzino lachibadwa lili ndi timinyewa pakati pa muzu ndi fupa, timagwira ntchito ngati raba ya pa mounting, timamwa kugunda ndipo timakuuza msanga kuti waluma mwala. Bawuti ilibe raba imeneyo, yagwirana ndi fupa mwachindunji. Wotsegula botolo la Fanta ndi mano akhoza kuswa dzino la mtengo wa injini pa sekondi imodzi. Ndipo chikamasuka kachitsulo kolumikizira kaja, sipana yake kuno kulibe, ndi ulendo wina wa ku Lilongwe, kwa dokotala amene ali ndi zida za kampani yomweyo. Zili ngati injini zathuzi, ya Suzuki sulowetsamo za Yamaha. Msuweni wanga ananena kuti ndipite ku Cape Town akandipezere pochipa, koma ndinamufunsa kuti ikadzamasuka ndili ku Mtakataka ndidzakwera basi ya masiku atatu kukamangitsa sikuluwu imodzi?

Ndaganiza miyezi itatu, nthawi yonse ya mwera ino pamene maboti ambiri ali pamtunda ndipo injini zadzaza pa shedi. Injini yanga sindigulitsa. Mchemwali wanga watsala ndi chaka chimodzi kuti alembe MSCE, ndipo dzino langa silingalowe pakati pa iye ndi mayeso. Koma gwerulinso sindikulisiya m'manja mwa Mulungu monga anachitira abambo. Ndatsegula akaunti ina pa foni, ndalama ya injini iliyonse yachisanu imene ndakonza ikupita kumeneko, sindikuikhudza ngakhale mpira wa Bullets ndi Wanderers utakhala pa Bingu. Ndikudziwa kuti ndikuthamangitsana ndi zinthu ziwiri, fupa likuchepa, kwacha ikugwa. Mwina ndikadzafika ndi ndalama adzati fupa latsala pang'ono, onjezerani ina. Mwina ndidzapeza kuti mano anga akhazikika, sakusunthanso, n'kuona kuti ndalamayo ndigulire kompuresa. Adokotala anati ndibwerenso mu November adzajambule X-ray ina tidzayerekeze ndi ya mu May, ndipo pamenepo tidzadziwa kuti mano akuyenda liwiro lanji.

Pa X-ray ya mu May anapezanso china. Dzino lachisanu ndi chimodzi la kumanja, limene lakhala likusenza katundu yense chichokereni mnzake, linali ndi kabowo kakang'ono m'mbali, kobisika pakati pa mano, kosapweteka n'komwe. Analimata tsiku lomwelo, mphindi makumi atatu, ndipo ndinalipira ndalama yosafika pa mtengo wa impeller ndi ma ringi amene anali m'chikwama changa. Kuyambira pamenepo ndimadzikakamiza kutafunira mbali zonse ziwiri, kumanzere zofewa, kumanja zolimba, ndipo madzulo ndimadutsitsa ulusi wotsukira mano pakati pa mano a m'mbali mwa gweru. Anyamata a pa shedi amati ndikusoka ukonde m'kamwa.

Pempho langa ndi ili. Uthengawu ukafika kwa Mmalawi aliyense amene anaikitsa dzino la bawuti, kaya ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Joni kapena ku Dar es Salaam, ndipo wakhala nalo zaka zisanu kapena kuposa, auze amene wamutumizira kuti yankho lindipeze. Za azungu a ku Sweden ndawerenga zokwanira. Ndikufuna kumva kwa munthu wodya zathu: chimanga chootcha chimatheka, nzimbe amasenda ndi mpeni kapena ndi mano, linamasukapo kangati, ndipo litamasuka anakamangitsa kuti. Amene muli ndi injini pa shedi, Loweruka ndilipo mpaka 4 koloko, ndipo mwini Suzuki ya buluu ija abwere ndi ndalama ya gasket.